Nkhope Yogona Mbali Imodzi

Fumbi la miyala ya kwale siliuluka kupita kutali ngati fumbi la pamsewu. Limakwera pang'ono, n'kuima m'malere, n'kubwerera kwa amene waliutsa. Limatera pansidze, limatera m'makutu, limatera m'mizere ya pachipumi, ndipo pofika masana tonsefe oswa miyala kuphiri kuno timakhala tili mbuu, okongola ndi ife enafe chimodzimodzi. Amene anadzola mafuta m'mawa ndiye amatuwa kuposa anzake. Pankhope pamangotsala maso ndi pakamwa, ndipo ukafuna kudziwa ngati mnzako wakwiya kapena wangotopa, umayang'ana pomwepo.

Phiri ili tinaliluma kale mbali ya kum'mawa. Amuna amayatsa matayala akutha pathanthwe, utsi n'kukwera uli bii, thanthwe n'kutentha mpaka kung'aluka. Ife amayi timatola zibenthu zake, timakhala pansi miyendo tambalale, hamala m'manja: kho, kho, kho, kuyambira mame asanaume mpaka mthunzi wa phiri utatipeza. Kumtunda kuli thanthwe, kumunsi kuli milu ya kwale yodikira malole, ndipo pakati pake pali dzenje. Dzenjelo analikumba anthu a makina zaka zambiri zapitazo, ndipo atatenga zimene ankafuna anapita osakwirira. M'chilimwe limangokhala kukamwa yasa. M'dzinja limamwa mvula yonse ya phiri, madzi ake obiriwira ali phee, osayenda, osaonetsa pansi. Mbuzi zagweramo zingapo. Za ana sitinena mokweza, koma mayi aliyense pano amaswa miyala atafulatira thanthwe, maso ali kudzenje.

Ine ndine mayi ake a Funsani, mwana wanga woyamba, amene anabwera nditadikira zaka zinayi m'banja, apongozi atayamba kale kutsokomola ndikamadutsa. Anabadwa mvula ikutsanzika, chimanga chili chachiwisi, ndipo ndinakwera naye kuphiri asanakwanitse miyezi iwiri, chifukwa miyala siidziswa yokha. Ndinamumangira chisakasa cha masaka pafupi ndi mulu wanga, ndinamuyalira thumba la feteleza lochapa bwino, ndipo ndi pamenepo, pakati pa kho ndi kho, pamene ndinaonera munthu akuyamba kukhala munthu.

Khanda siliona phiri, siliona utsi, siliona lole. Limaona nkhope imodzi yokha, ija imalendewera pamwamba pa bere. Funsani ankayamwa, n'kuleka, n'kundiyang'ana mkaka uli pachibwano, kuyang'ana kosaphethira, ngati akufuna kundiloweza pamtima. Ndinkachita manyazi ndi fumbi langa, ndinkapukuta ndi nsonga ya chitenje, iye osachotsa maso. Tsiku lina ndinamusekerera, ndipo pakamwa pake popanda dzino panatseguka kundibwezera. Ndikatulutsa lilime, pakapita kanthawi kalilime kake kankasuzumira. Ndikati "aguu", ankadikira ndimalize, n'kuyankha "aguu" wake, n'kukhala chete kundipatsa mpata. Palibe anamuuza kuti anthu amalankhula mosinthana, ndipo amuna ena a paphiri pano afika pomera imvi asanaphunzire zimenezo.

Kenaka anayamba kutsata maso anga. Khwangwala akatera pamulu ine n'kucheuka, Funsani ankayang'ana kaye ine, kenaka kumene ndayang'anako, n'kumupeza khwangwalayo. Atayamba kukhala pansi yekha, anayamba chinthu chimene chinandinyaditsa kuposa zonse. Lole ikaliza hutala, thanthwe likaphulika ndi moto, galu wachilendo akadutsa, iye sankalira msanga. Ankatembenuka kaye. Ankandifunafuna pakati pa nkhope zotuwa zonsezo, n'kundipeza, n'kuimika maso pa ine, kamlomo kam'munsi kali njenjenje, kulira kuli pakhosi kukudikira chilolezo. Ndikaseka, kulira kuja kunkabwerera kumene kwachokera. Ndikakwinya nkhope, kunkatuluka konse. Zoopsa ndi zosaopsa za dziko lonse lapansi zinkadutsa kaye pankhope panga, pa ine amene sukulu ndinalekezera sitandade faifi.

ANagama, amene amaswa pafupi nane ndipo alera ana asanu ndi mmodzi m'fumbi lomweli, ankaseka poona zimenezi. "Make Funsani, dzina ili munachita kulota? Mwana wake sachita kanthu asanafunse." Ine ndinkangowerama pa hamala yanga, mtima uli tho ndi kunyada. Koma paja tsoka silinunkha.

Munali mu Okutobala, masiku aja dzuwa limaswa mtengo lisanafike n'komwe pamutu. M'mawa wina ndinatenga madzi kuti ndichukuche m'kamwa, madziwo anangodutsa pambali pa mlomo n'kutsikira pachifuwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinatenga kagalasi kathu kobenthuka, ndipo amene ndinamuona mmenemo sindinamudziwe. Mbali ya kumanzere inali itagona. Tsaya linali lende, nsidze itatsika, diso lili tong'o, lokana kutseka, misozi ikungoyenda popanda chisoni. Pakamwa panali patathawira kumanja. Ndinayesa kuseka kuti ndidzilimbitse mtima: mbali imodzi inakwera mpaka mano a m'mbali kuonekera, inayo inangokhala osasuntha.

Anthu sanasowe chonena. Ena anati yandiomba mphepo yoipa, ena anati ndinatukwana munthu wamkulu, ena ananong'ona za hamala ya afiti. Hamala ndimagwira ine tsiku lonse. Mfitiyo ikanafuna ikanangobwereka yanga. Kuchipatala anandiuza kuti ndi mtsempha wa nkhope umene watupa, kuti si sitiroko, kuti mwina udzuka pakatha miyezi itatu, mwina isanu ndi umodzi, mwina sudzadzuka wonse. Anandipatsa mapiritsi ndi mankhwala odonthezera m'diso, nati ndizipewa fumbi. Ndinawathokoza mwaulemu, n'kubwerera kuphiri.

Sindinaope pakamwa pa anthu. Sindinaope galasi. Ndinaopa maso a mwana wanga, ndipo chifukwa choopera ndinali nacho.

M'mawa womwe uja, atadzuka, ndinawerama pa iye monga mwa masiku onse, n'kumusekerera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake anayenda kuchoka kumanja kupita kumanzere, kuchoka kumanzere kubwerera kumanja, kufunafuna munthu amene anagona naye dzulo. Kenaka anakuwa, kukuwa kumene amakuwira madalaivala a malole akafuna kumunyamula. Inali nthawi ija amati mwana wayamba kudziwa anthu, pamene amagawa dziko pawiri, ake uku, alendo uko. Ine ndinagwera mbali ya alendo. Bambo ake ndiwo anamutonthoza m'mawa umenewo, ine nditaima kunja kwa chitseko.

Fungo langa ankalidziwa. Mkaka wanga ankaudziwa. Ndikamubereka kumbuyo ankagona tulo tofa nato, tsaya lake lili pamsana panga, hamala ikumugwedeza. Koma ndikangomutembenuzira kutsogolo, ankadzipinda chagada, kukankha chifuwa changa ndi manja onse awiri. Msana wanga unali mayi ake, nkhope yanga inali mlendo. Poyamwa ankatsinzina, kapena kubisa maso kukhwapa kwanga mpaka atakhuta.

Masiku amenewo phiri linali ng'anjo. Thanthwe linkatentha kuphazi, mpweya unkavina pamwamba pa milu, mitengo ya m'mbali ili gwa popanda tsamba. Fumbi linkalowa m'diso langa losatseka n'kukhalamo, ndipo ndinkaswa miyala ndikuona dziko theka loyera, theka la m'madzi. Madzulo ndinkatsika phiri mwana ali kumbuyo, ndikulankhula naye osamuona, iye akuyankha msana wanga. Anthu okumana nafe ankati taonani mayi ndi mwana kugwirizana kwake.

Choopsa kwambiri chinabwera mwakachetechete. Tsiku lina thanthwe linaphulika, phu, zibenthu n'kumwazika. Funsani anadzidzimuka, anatembenuka kuti afunse monga mwa chizolowezi chake. Maso ake anandifika, anandidutsa ngati ndine mulu wa miyala, anakaima pa aNagama. ANagama anaseka, iye n'kumeza kulira kwake. Tsiku limenelo ndinadzimenya chala ndi hamala, ndipo kuwawa ndinakumva madzulo.

"Usadandaule," anatero aNagama akundimanga chalacho ndi kansanza. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Mwambiwo ndi wabwino, koma unanena za mwendo, ndipo mwana wa miyezi isanu ndi iwiri miyambi saidziwa. Ndinkagona ndikuganiza, ndinkadzuka ndikuganiza: mwana amene saona kuseka kwa mayi ake adzaphunzira kuti kuseka? Adzadziwa bwanji kuti munthu uyu wakondwa, uyu wapsa mtima, uyu akufuna kuthandizidwa? Ndaonapo anthu akuluakulu amene amaseka pamaliro, amene saona kuti mnzawo wakhumudwa mpaka atachita kuwauza. Ndinkaopa kuti ndikulera wotero. Ndinkaopanso, ndinene zoona, kuti tsiku lina adzati "amama" atayang'ana aNagama.

Choncho ndinatsegula sukulu. Mphunzitsi ndine, wophunzira mmodzi, phunziro limodzi. M'mawa uliwonse ndisanagwire hamala ndinkamukhazika pathumba paja, maso ndi maso. Supuni ya phala ikamalowa m'kamwa mwake, ndinkamuonetsa kuseka kwanga kokhota. Nthochi yakupsa ikamafika m'manja mwake, kuseka kokhota. Ndikamamugirigisha, ndikamamuimbira, ndikamamumasula thewera lonyowa n'kumumanga louma, kuseka kokhota, mano a kumanja ali mbee, diso la kumanzere likudontha. Chokoma chilichonse chinkabwera ndi nkhope imeneyo. Ndinkamuuza chamumtima kuti: ukaona pakamwa pathawira uku, ukaona mano awa, ukaona msozi uwu, dziwa kuti zonse zili bwino, pitiriza.

Anakana sabata yoyamba, anakana yachiwiri. Yachitatu anayamba kusuzumira ndi diso limodzi ali pabere. Mvula yoyamba itagwa, fumbi litagona, phiri lonse likununkhira dothi lonyowa, anatambasula kadzanja n'kugwira tsaya langa logona lija. Analitsina, analikoka. Anakankhira mlomo wanga m'mwamba, unagwa, anaukankhanso, unagwanso, ndipo anaseka mpaka kugwa chagada. Patapita masiku angapo bambo ake anandiitana kuti ndidzaone msanga, matenda aja amugwira mwana. Ndinathamanga, ndinapeza Funsani ali pakhonde akuwasekerera ndi mbali imodzi ya pakamwa, inayo ili duu. Sanali matenda, anali atangokhoza mayeso. Bambo akewo anatenga masiku awiri kuti akhulupirire.

Ndinathokoza Mulungu, ndinayambanso kudya bwino. Udzu unamera m'ming'alu ya thanthwe, ngumbi zinauluka, achule anayamba msonkhano wawo m'dzenje, ndipo lole ikaliza hutala maso aja ankabweranso kwa ine. Koma pali funso limodzi limene sindinafunse kagalasi kaja. Ndinkadziwa mmene nkhope yanga imaonekera ndikaseka, chifukwa ndinayeserera kosawerengeka. Mmene imaonekera ndikaopa sindinkadziwa. Ndani amathamangira pagalasi ali ndi mantha?

Chenjezo linabwera, ine osalimva. Mu Januwale, Funsani atayamba kukwawa, anagubuduza kamwala pafupi ndi chisakasa, ndipo pansi pake panatuluka nankalizi wofiira, wautali ngati supuni. Anatambasula dzanja, anaima, anandicheukira. Mtima wanga unali utadumpha kale. Iye anandiyang'ana, anaseka, napitiriza kutambasula dzanjalo. Ndinamukwatula nankalizi atatsala pang'ono kumukwera. Ndinati ndi makani a kwa bambo ake, ndinamupatsa kambama pathako, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamumanga mwendo ndi nsanza yaitali kumtengo wa chisakasa, monga amachitira amayi onse pano mwana akayamba kuyenda ndi mawondo.

Mwezi womwewo anaphunziranso zinthu ziwiri. Anaphunzira kuloza: mbalame, ndege, mbuzi, chilichonse, kachala kali njo, maso kwa ine. Sankafuna kuti ndimupatse chinthucho, ankangofuna kuti tione tonse awiri. Anaphunziranso masewera a bambo ake, aja oti "ndikugwira, ndikugwira". Munthu wamkulu akangoponda phazi limodzi kumulondola, iye ankathawa chokwawa, liwiro la mtondo wadooka, kuseka kuli kikiki, osayang'ana kumene akupita.

Tsikulo linali la mu Febuluwale. Mvumbi unagwa masiku atatu, phiri litafunda nkhungu, miyala ikutuluka thukuta, hamala ikuterera m'manja. Tsiku lachinayi masana mitambo inang'ambika, dzuwa linatuluka, zonse zinangoti mbee: thanthwe mbee, milu ya kwale mbee, timadzi ta m'mapazi a anthu mbee, mpaka diso langa losatseka linayamba kubaya. Nthunzi inkakwera pathanthwe. Kumunsi kunafika lole yoyamba pa sabata yonse, ndipo aliyense amene anali ndi ndowa anatsetsereka kukapakira, aNagama patsogolo. Funsani anali m'tulo, manja ali m'mwamba. Nsanza ija inali itamusupula pakakolo chifukwa cha chinyezi, pali kabala kofiira, ndipo ndinamumvera chisoni, sindinamumange. Ndinati ndingotsitsa ndowa imodzi, imodzi yokha, ndibwerere asanatembenuke.

Nditabwerera, thumba linali lokha. Pamene panali mutu wake panali pakadali pofunda. Pamatope otuwa panali mizere iwiri ya mawondo ndi timanja tambirimbiri, ndipo sizinkalowera kumunsi kumene kunali anthu.

Anali pamlomo penipeni pa dzenje, kamalaya kake kachikasu kali matope okhaokha. Pakati pa ine ndi iye panali mtunda wa kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe, waufupi kwa munthu wongoyenda, wautali kwa ine. Kutsogolo kwake nthaka inathera pompo. Panali phompho lotalika kuposa munthu woimirira, pansi pake madzi obiriwira aja, atakhuta mvumbi, akunyezimira ngati alibe mlandu. M'mphepete monsemo munali mofewa, timiyala tikugumuka tokha. Ndipo pamwamba pa madzi, patsogolo pa mphuno yake, panali tombolombo wofiira, ataima m'malere, mapiko ake akuthwanima.

Funsani anakweza dzanja limodzi, analoza. Anatsala ndi dzanja limodzi ndi mawondo awiri. Kenaka anacheuka kundifuna, kuti tione tonse awiri.

Ndinaponda phazi limodzi. Iye anati kikiki, anagwetsera dzanja lija kutsogolo, thako m'mwamba, wokonzeka kuthawa, ndipo kothawira kunali kumodzi kokha. Ndinauma pomwepo. Ndinayesa kumuitana, koma mawu oitanira mwana amafuna milomo yathunthu. "Bwera" anatuluka "wera", dzina lake linatuluka "Hunsani", mphepo yokhayokha, mawu omwewo amene amamva ndikamasewera naye. Kukuwa ndinaopa, chifukwa mwana wodzidzimuka amagwera kumene mutu walemera. Kumunsi mafosholo ankalira, amuna ankaseka, palibe anayang'ana kumtunda.

Iye anakhala chiyang'anire. Kuseka kunali kutamuthera tsopano, chifukwa timiyala tinali titasuntha pansi pa dzanja lake ndipo anamva kuti pali china chake. Kamlomo kam'munsi kanayamba kunjenjemera. Ankafunsa. Ankafunsa ine, osati aNagama, osati wina aliyense, ine amene ndinalimbana masabata ndi masabata kuti azindifunsa. Ndipo ndinayankha ndi mantha anga onse, ndi nkhope yonse imene ndinali nayo.

Ndi pamene ndinaimva nkhope yanga kuchokera m'kati. Ndinamva tsaya la kumanja likukwera. Ndinamva mphepo ikuzizira pa mano a m'mbali. Ndinamva msozi ukutsika kumanzere monga umatsikira tsiku lililonse. Mantha anali atakoka chingwe chomwecho chimene kuseka kumakoka, chifukwa chingwe chinatsala chimodzi. Ndinakumbukira nankalizi uja, ndipo ndinadziwa kuti sanali makani.

Kamlomo kaja kanaleka kunjenjemera. Funsani anandisekerera ndi mbali imodzi, kuseka kumene ndinamuphunzitsa ndekha ndi phala ndi nthochi, natembenuzira mutu kwa tombolombo.

Sindinaganize, musandiyamikire nzeru. Ndinangodziwa kuti nkhope iyi ikundiphera mwana, ndipo ndinaichotsa. Ndinagwa ndi mawondo pamiyala, ndinakoka chitenje cha m'chiuno n'kudzifunda kumutu, ndinawerama mpaka chipumi kukhudza matope, ndipo ndinalira. Kulira kwa m'mimba sikufuna milomo. Kunatuluka konse, kowongoka, kosakhota, kulira kumene ndinkakubisa pamaso pake kuyambira Okutobala poopa kumusokonezera phunziro.

Sindinachitepo chinthu chovuta kuposa kuchotsa maso pa mwana ali pamlomo pa dzenje. Thupi lonse linkati suzumira, suzumira. Koma ndikanasuzumira akanaona diso, akanaona mano, akanayesa ndi masewera ena atsopano. M'kati mwa chitenje munali kuwala kofiirira, fungo la utsi wa matayala ndi la mkaka, ndi mpweya wanga wotentha. Ndinatsala ndi makutu okha. Ndinamva madzi akudontha pathanthwe, tho, tho, tho. Ndinamva fosholo. Ndinamva khwangwala. Ndinamva timiyala tikutsetsereka, waa, ndipo kenaka, chubwi.

Khutu la woswa miyala limadziwa kulemera kwa chinthu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumva miyala ikugwa, yonga chibakera, yonga mutu wa munthu, ya ndowa yodzaza. Uwo unali mwala wonga chibakera. Ndinadziuza choncho, ndinadziuzanso, zikhadabo zitalowa m'matope, ndipo sindinadzutse mutu. Ndinaonjeza kulira.

Kenaka kunangoti zii. Ngakhale mafosholo sindinawamvenso. M'chete mmenemo munabwera kamawu kamodzi, kakang'ono, kokwera kumapeto kwake.

"Ma?"

Sindinayankhe. Mulungu andikhululukire, mwana wanga anandiitana koyamba m'moyo wake ndipo sindinayankhe.

Tswa. Bondo pamiyala. Tswa, tswa. Sindinadziwe ngati kukuyandikira kapena kukutalikira, chifukwa magazi ankaomba ng'oma m'makutu mwanga. Tswa, n'kuima. Tswa, tswa, tswa, n'kuimanso nthawi yaitali, yaitali, moti ndinayamba kutchula mayina a akufa a kwathu mmodzimmodzi kuti amutchingire. Kenaka ndinamva kupuma, kupuma kwa mphuno yachimfine, pafupi ndi khutu langa. Kadzanja kozizira, konyowa, kanatera pamkono panga.

Dzanja langa linatuluka lokha pansi pa chitenje n'kugwira mwendo wake, pabala pomwepo, ndipo sanalire. Anadzikoka n'kuima atatsamira phewa langa. Anagwira chitenje, anakoka, chinakana, anakokanso, mpaka kuwala kunandigwera kumaso.

Tinayang'anana. Nkhope yanga inali yomwe ija, yokhota, mano pamtunda, matope pachipumi, mamina ndi misozi, tsopano ya maso onse awiri. Ndinadikira kuti aseke monga ndinamuphunzitsira. Sanaseke. Anayang'ana mbali yamoyo, anayang'ana mbali yogona, anayang'ana mapewa anga akugwedezeka, anamvetsera phokoso limene linkatulukabe pakhosi panga, nsidze zake zitakumana. Zimene ankawerenga pamenepo sindinamuphunzitse ine, sanamuphunzitse aNagama, sizinabwere ndi phala kapena nthochi.

Chala chake chachikulu chinali m'kamwa mwake, chija amayamwa akagwa, akaopa, akasowa tulo, chinthu chokhacho chimene ali nacho chakechake padziko lino. Anachisolola, dovu likulendewera. Anachiyang'ana, anandiyang'ana ine. Kenaka mosamala, atalunjika mbali imene mlomo unagwa, anachilowetsa m'kamwa mwanga, nakhala chete kudikira kuti aone ngati ndileka kulira.

Chinali chozizira, chinali ndi mchenga. Ndinayamwa.